Mikanda imene ndinatchula pa wailesi

Mphatso ndi Linda, ana anga, nkhani iyi munaimvera pa foni, itadulidwa mutu ndi mchira, ndipo mpaka lero palibe wa inu amene anandifunsapo kuti zinayenda bwanji. Sindikudandaula. Ndikudziwa kuti munachita manyazi, ndipo munaona kuti kukhala chete ndiwo ulemu. Koma poti masiku ano nthawi ndili nayo yambiri, yoposa imene ndikuifuna, ndati ndiilembe yonse kuti mudzaweruze nokha.

Ku Blantyre, zaka za m'ma 1980

Ntchito ya pa wailesi ndinaiyamba ngati wonyamula matepi. Ndinkachoka nawo kosungira kupita nawo ku situdiyo, kuwabwezanso, tsiku lonse, nsapato n'kutha chidendene. Bwana wanga woyamba anali a Sambani, munthu wamfupi wosavula tayi ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Tsiku lina anandipeza ndikuwerengera anzanga nyuzipepala mokweza pa nthawi ya nkhomaliro. Anaima n'kumvetsera, kenako anati, "Iwe wa ku Mulanje, mawu akowa ndi a maliro." Ndinkayesa akundinyoza, koma sabata yotsatira anandikhazika pa mpando wowerenga mauthenga a maliro, ndipo pa mpando umenewo ndi pamene ndinakalambira.

Anzanga ankalakalaka kuwerenga nkhani kapena kuulutsa mpira. Ine ndinkawerenga mayina a anthu omwalira ndi midzi yawo, ndipo sindinanyoze ntchitoyo. Masiku amenewo foni kumudzi kunalibe. Munthu wogwira ntchito ku Kasungu ankadziwa kuti bambo ake atsikira kuli chete ku Thyolo chifukwa cha ife. A Sambani anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutopetsa. "Mnyamata, wailesi si mthenga woyamba. Mthenga woyamba ndi munthu wa miyendo iwiri, wofika pakhomo, kukhala pansi, kufunsa mwini mbumba. Ife timabwera pambuyo, kuuza akutali. Mayi asadzamve kwa iwe kuti mwana wake wafa ali ndi ndowa pamutu." Choncho aliyense wobwera ndi uthenga ndinkayamba kumufunsa kuti, "Mwini mbumba akudziwa? Amfumu auzidwa?" Akachita chibwibwi, ndinkamubweza, ngakhale atachokera kutali. Ena ankandinena kuti ndine wouma mtima. Mwina ndinalidi, koma kwa zaka zonsezo palibe amene anabwera kudzandiloza chala.

Kubwerera kwathu

Mawailesi atachuluka m'dziko muno, mayi anu n'kuyambanso kudwaladwala, ndinapempha kupuma ku Blantyre ndipo tinabwerera kuno ku Chinakanaka. Sindinakhale pansi nthawi yaitali. Kawailesi kena ka m'dera kanali katangotsegulidwa, ndipo anandipempha kuti ndikathandize achinyamata. Kumeneko zonse zinali zoperewera. Maikolofoni inali imodzi, yomangidwa ndi mphira pakhosi. Jenereta inkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya, ndipo kuti iyake pankafunika kuinyengerera. Manejala wathu anali mayi Nyirenda, mtsikana wa msinkhu wako iwe Linda, wanzeru komanso waulemu, amene ankanditchula kuti adadi ngakhale pondidzudzula. Ndinkawerenga mauthenga a maliro, za ulimi, ndi za mbuzi zosokera. Mayi anu atamwalira, uthenga wawo ndinawerenga ndekha, nditatsimikiza kaye kuti amalume anu amva. Inu mutabwerera kwanu, wina ku Lilongwe wina ku Joni, nyumba inakula kwambiri. Ndinayamba kupita ku situdiyo ngakhale masiku amene sindinali pa ntchito, kungoti ndikamve anthu akuyankhula.

Malichi 2023

Mvula ya namondwe uja inayamba ngati mvula ina iliyonse yakuno, koma sinakate. Phiri la Mulanje linasowa m'mitambo, ndipo litaonekanso linali ndi mabala. Napolo anatsika m'makhwawa usiku ndi usana, kukokolola nyumba, minda, milatho ndi anthu. Magetsi anathima, mafoni ambiri anafa. Ine zinandipeza ndili ku situdiyo, ndipo amene ankayenera kudzandilandira sanathe kuwoloka. Mayi Nyirenda anatsekeredwa kutsidya kwa mtsinje wa Thuchila. Ndinatsala ndekha ndi jenereta ija ndi dizilo wochepa m'chigubu, moti ndinkayatsa pang'ono m'mawa, masana ndi madzulo, n'kuzimitsanso.

Anthu amaganiza kuti pa nthawi yotere wa pa wailesi amadziwa zambiri. Sindinkadziwa kanthu. Ndinkangodziwa zimene wandiuza munthu amene foni yake yagwira mwamwayi, kapena amene wafika pakhomo ali chonyowa. Ndipo chilichonse chimene tinkachita amawailesi chinali cholakwika. Amene ankaika nyimbo ankanenedwa kuti akuvina anthu akufa. Amene ankanena za imfa ankanenedwa kuti akuopseza anthu. Bambo wina anandiimbira kungonditukwana kuti bwanji sindinawachenjeze, pamene ndinali nditachenjeza mpaka mawu kusasa. Sindinamuyankhe, chifukwa ndinamva m'mawu ake kuti wataya wina wake.

Mvula itayamba kuchepa, masana ena foni ya ku situdiyo inalira. Anali a Makwinja, mlangizi wa zaumoyo wa ku Milonde, amene ndinkamudziwa chifukwa cha mapulogalamu a katemera.

"Bambo Muhiwa, ndaima pachulu, ndi pokhapa pamene foni ikugwira, ndiye mumve msanga. Mtsinje wa Ruo watibweretsera anthu kuchokera kumtunda. Ena tawazindikira, abale awo atenga. Koma pali mayi mmodzi sitikumudziwa, si wakuno. Amfumu akuti mawa dzuwa likafika pamutu tiika, thupi silingadikirenso."

"Wavala chiyani?"

"Madzi anamuvula zonse, bambo. Amayi akuno amufunditsa nsalu zawo."

"Nanga nkhope?"

Anangoti, "Nkhope musafunse."

"Ndiye ndikanene chiyani, a Makwinja? Kuti kwapezeka mayi? Boma lonse lino likusaka amayi."

Ndinamva akunong'onezana ndi anthu ena. Kenako anati, "Amayi amene amusambitsa akuti chilipo chimodzi, koma akuti si chouza mwamuna. Dikirani, ndiwapatse foni."

Mawu amene anabwera anali a mayi wachikulire, otsika, a Chichewa chathu chakuno chosakaniza ndi Chilomwe. Dzina lawo sindinalifunse. Anati, "Bambo, pepani, zotere sitinena. Koma mwanayu madzi anamusiyira mikanda ya m'chiuno yokha. Mizere itatu, iwiri yoyera, umodzi wachikasu. Wachikasuwo unadukapo kale, ndiye wina anaulumikiza ndi ulusi wa thumba la feteleza. Mfundo yake ndi ya mwamuna, mkazi samanga choncho. Mwamuna wake yekha ndi amene angaidziwe. Koma inu mukanena zimenezi pa wailesi, anthu akudyani." Foni inadukira pomwepo, ndipo sinagwirenso.

Ndinakhala pansi, jenereta ili chizimire, madzi akudontha pa ndowa imene ndinatchera pakona. Panalibe womufunsa. Inu mukudziwa kuti mikanda ya mayi wapabanja si nkhani yapabwalo. Ndi ya kuchipinda, ngakhale mlongo wake saidziwa, ndipo mwamuna wamkulu ngati ine kuitchula anthu onse akumva ndi chimodzimodzi kumuvula mayiyo pamsika. Komanso lamulo la a Sambani linali m'makutu mwanga, loti ndisakhale mthenga woyamba. Koma mthenga wa miyendo iwiri akanapita khomo liti? Palibe amene ankadziwa khomolo. Ndinaganiza za manda a mayi anu, kumene ndimapita ndi khasu mvula ikatha, n'kukakhala pang'ono. Ndinaganiza za munthu wina, penapake kumtunda, amene moyo wake wonse adzakhala akuyang'ana mtsinje osadziwa pokalimira. Mantha ndinali nawo, sindinama. Koma ndinadzuka n'kukayatsa jenereta.

Mawu amene ndinanena ndikuwakumbukira onse. Ndinati, "Makolo anga, amayi anga, ndikupepesa ndisananene, chifukwa chimene ndinene si chonenera pano. Ku Milonde, m'mbali mwa Ruo, kwapezeka mayi amene sakudziwika, ndipo aikidwa mawa masana. Chomuzindikirira palibe, koma ichi chokha." Ndinatchula mizere itatu ija, mitundu yake, ndi ulusi wa thumba. Ndinamaliza ndi kuti, "Bambo amene mwamva ndipo mwadziwa, musauze munthu. Ingonyamukani." Ndinabwereza madzulo, ndi m'mawa mwake, mpaka dizilo anatha.

Miyezi yotsatira

Misewu itatseguka, netiweki n'kubwerera, ndinapeza kuti ndatchuka. Wina anali atajambula mawu anga pa foni, n'kuchotsa kupepesa kwa poyamba ndi za maliro zonse, n'kusiya pokhapo pamene ndikuwerenga mizere ya mikanda. Wina anaikako kanyimbo pansi pake. Ndi kameneko kamene kanakupezani ku Lilongwe ndi ku Joni. Pa msika wa Chinakanaka anyamata a kabaza ankandikuwa kuti, "Mizere ingati lero, mdala?" Amenewo sanandipweteke kwenikweni, achinyamata amaseka chilichonse. Amene anandipweteka ndi akuluakulu. Amayi a kumpingo kwathu anabwera ku situdiyo atavala zoyera, n'kuuza mayi Nyirenda kuti ndanyoza amayi onse a m'boma lino. Mfumu ina inanena pa maliro ena, ine ndili pomwepo, kuti masiku ano anthu akulengezedwa pa wailesi ngati mbuzi zosokera. Pa pulogalamu yoimba foni, anthu ankaimba kufunsa ngati mdala uja akadali pa ntchito. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri.

Kenako inamveka nkhani imene inandithera mphamvu. Ankati pa sukulu ina kumtunda, pamene anthu othawa madzi ankagona, panali wailesi imodzi imene onse ankamvera atazungulira. Nditatchula ulusi wa thumba, bambo wina anagwa pansi n'kuyamba kulira. Choncho zimene ndinati asauze munthu zinadziwika ndi kampu yonse nthawi yomweyo: aliyense anadziwa kuti mikandayo ndi ya mkazi wa uje. Ena ankati bamboyo anapita ku Milonde koma anapeza ataika kale. Ena ankati sanapite n'komwe chifukwa cha manyazi. Ndikanatha kufunsa a Makwinja, nambala yawo ya foni ndinali nayo. Sindinafunse. Ndinkaopa kumva kuti sanafike, chifukwa zikanatanthauza kuti ndinamuvula mayi uja pachabe.

Mayi Nyirenda anandiitana mu ofesi, n'kutseka chitseko. Maso awo anali ofiira.

"Adadi, ine ndikanakhalapo sindikudziwa kuti ndikanakuletsani kapena ayi. Koma a bodi yoyendetsa wailesi akuti mupepese pa wailesi. Munene kuti munalakwitsa, basi, nkhani ithe."

"Ndinapepesa kale ndisananene, mayi."

"Kumeneko anadula, adadi. Anthu sanamve."

"Kupepesa ndingapepesenso mawa lomwe. Koma kunena kuti ndinalakwitsa ndiye kuti ndikulonjeza kuti zitachitikanso sindinganene. Ndipo zitachitikanso ndinganene."

Kenako anati, "Ndiye mwina mupume kaye, mpaka anthu aiwale."

Ndinamva chimene ankatanthauza, ndipo sindinawasungire chakukhosi. Wailesi ya m'dera imakhalira anthu a m'deralo, iwo akaikana yatha. Ndinatenga kapu yanga ndi juzi imene inkakhala kuseri kwa chitseko, n'kubwera kunyumba. Phwando lotsanzikana panalibe. Umu ndi mmene ndinapumira ntchito, osati chifukwa cha maso monga ndinakuuzani pa foni paja.

Za miyezi imeneyo ndilibe zambiri zolemba, chifukwa munalibe kanthu. Ndinkadzuka, kusesa, kuthirira mpiru, kukhala pakhonde. Nthawi ya mauthenga a maliro ikakwana, pakhosi pankakonzeka pokha, n'kukumbuka kuti palibe wondimvera. Munthu amene wayankhula ndi boma lonse kwa zaka zambiri, tsiku limatha osatulutsa liwu, kupatula kuthamangitsa nkhuku za eni. Ndinali wosungulumwa, ana anga, kuposa mmene ndinalili mayi anu atangomwalira, chifukwa nthawi ija anthu ankabwera kudzandipepesa.

Chilimwe chatha

M'mawa wina ndikukonza mpanda, ndinaona anthu awiri akutsika pa njinga imodzi pa msewu. Wina anali wachikulire, wa ndodo ndi jekete lakuda. Wina wa zaka zapakati, wowonda, zala zake zakuda ndi zong'aluka monga zimakhalira za othyola tiyi ku esiteti. Wachikulireyo anandilonjera m'Chilomwe, "Mosheliwa," ndipo ndinayankha, n'kuwatulutsira mipando. Anati iwo ndi a Likaka, ndipo mnzawoyo ndi mkamwini wawo, a Nakoma. Anayamba apita ku situdiyo, kumeneko n'kuwalozera kuno.

A Nakoma sanandiyang'ane kumaso. Ankayang'ana chipewa chawo chimene anachigwira pa bondo. Atayamba kuyankhula, ndinadziwa kuti ndi ndani asanamalize chiganizo choyamba.

"Ulusi uja ndinamanga ndine, bambo."

Anapitiriza okha, pang'onopang'ono.

"Mawu anu sindiwakonda, ndinene chilungamo. Ndikamva mawu ofanana nawo ndimazimitsa wailesi. Tsiku lija munandigwetsa pamaso pa anthu, ana anga ali pomwepo. Mpaka lero kumudzi kuli anthu amene akandiona amakumbuka mikanda ya mkazi wanga. Zimenezo sizidzatha."

"Ndamva, bambo," ndinatero. Kenako ndinafunsa funso limene ndinaliopa nthawi yonseyi. "Kodi munafika?"

Apa m'pamene anadzutsa mutu. "Ndinanyamuka nthawi yomweyo. Milatho kunalibe, pena ndinkawoloka pa mitengo yogwa, pena madzi m'khosi. Ndinafika atanyamula kale, ali pa njira ya kumanda. Ndinakuwa, anaima. Mayi wina wachikulire ananditengera pambali, kuseri kwa nthochi, n'kumasula kansalu. Nditaona mfundo yanga ndinangoti, ndi yemweyo. Dothi loyamba ndinaponya ndine."

Ndinatembenukira kumbali ngati ndikuyang'ana nkhuku. Sindikufuna kukunamizani, ndinalira, ndipo alendowo anandisiya mpaka ndinamaliza.

A Likaka ndiwo anafotokoza chimene anabwerera. Malemuwo anaikidwa ku Milonde komweko, poti nthawi ija kunalibe njira yowanyamulira, ndipo amfumu akumeneko anawalola kuti manda akhale awo. Tsopano amanga chiliza, ndipo akufuna abale amve tsiku lokachionetsa. "M'mudzi mwathu muli mabanja amene mpaka lero alibe pomanga chiliza," anatero. "Ife tili napo."

Ndinawauza kuti ndinapuma, maikolofoni ndilibenso.

"Tikudziwa," anatero a Nakoma. "Uthenga tasiya kale ku wailesi, akuti mtsikana wina awerenga madzulo. Umenewo ndi wa abale. Ine ndabwera ndi wanga. Inu munamunena katatu, boma lonse likumva, koma wopanda dzina. Munangoti mayi amene sakudziwika. Ankadziwika, bambo. Ndikufuna mawu omwe aja amutchule dzina lake, ndimve ndi makutu angawa."

Ndinayang'ana pabwalo panga, pa mpiru, pa chingwe choyanikira. Situdiyo panalibe, nyali yofiira panalibe. Koma chizolowezi sichifunsa malo. Pakamwa panga panatuluka funso lija lokha.

"Mwini mbumba akudziwa?"

A Likaka anagogoda ndodo pansi. "Ndine ndili pano."

"Amfumu auzidwa?"

"Auzidwa, akwathu ndi a ku Milonde omwe."

Ndinafunsa dzina ndi mudzi, anandiuza. Ndinaimirira, n'kukonza kolala ya malaya anga akumunda, n'kukonza pakhosi monga ndinkachitira a Sambani akakweza dzanja kuseri kwa galasi. Ndinayamba ndi mawu anga a ntchito, osafulumira. Ndinati banja la a Likaka ndi a Nakoma likudziwitsa abale onse, kulikonse kumene ali, kuti mayi amene anapezeka m'mbali mwa Ruo ndi kuikidwa ku Milonde ndi Felesiya Namaona, mkazi wa a Nakoma, mayi wa ana, wothyola tiyi, ndipo kwawo akudziwika. Dzinalo ndinalibwereza kawiri, monga timachitira kuti akutali amve bwino.

A Nakoma anamvetsera atatsinzina. Nditamaliza anagwedeza mutu n'kuvala chipewa.

"Ndi yemweyo," anatero.

Tiyi anakana, ati ulendo ndi wautali. Dzanja anandipatsa a Likaka okha. Ndinawaperekeza mpaka pa msewu, n'kuima pomwepo mpaka njinga inakhota. Tsiku la chiliza sanandiitane, ndipo sindinapite.